Pula ndi Thebe: Mbiri ya Ndalama ya Dziko la Botswana

Dziko la Botswana, limene pa masiku a ulamuliro wa Angerezi linali kutchedwa Bechuanaland, liri pakati pa South Africa, Namibia ndi Zimbabwe, ndipo likhudzana ndi Zambia pa kadera kakang'ono pa mtsinje wa Zambezi. Kukula kwake liposa Malawi pafupifupi kasanu, koma anthu ake ngochepa, pakuti pa kalembera wa chaka cha 2022 anapezeka kuti angopitirira pang'ono 2.3 miliyoni. Chifukwa cha kuchepa kwao sichisowa. Magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi a dzikolo ndi chipululu cha Kalahari, chimene eni dziko amati Kgalagadi. Chipululu chimenechi si mchenga wokhawokha monga Sahara ayi. Muli udzu ndi zitsamba ndi nyama zambiri, koma madzi oyenda pamwamba pa nthaka mulibe. Kumpoto, cha ku Chobe, mvula imafika mamilimita 650 pa chaka, koma kumwera chakumadzulo siikwana ndi 250 omwe, ndiponso imabwera pamene yafunira. Tsono pa 23 Ogasiti 1976, dziko limeneli litatulutsa ndalama yakeyake, linaitcha pula, ndiko kunena mvula. Mau awiriwa, pula ndi mvula, ngapachibale, pakuti Chitswana ndi Chichewa zinaphuka pa tsinde limodzi. Pula imodzi anaigawa m'tizigawo 100 totchedwa thebe, ndiko kunena chishango.

Maiko ambiri a mu Africa anapatsa ndalama zao maina okumbutsa ufulu. Zambia m'chaka cha 1968 ndi Malawi m'chaka cha 1971 anasankha kwacha, mau amene anali mfuu ya pa misonkhano ya ndale. Koma mau akuti pula ngakale kwambiri kuposa ndale. Mtswana akatha kulankhula pa bwalo la mfumu, limene iwo amati kgotla, anthu amavomera ndi mau omwewo. Polandira mlendo wolemekezeka, potsazikana ndi wapaulendo, ndi podalitsa ukwati, mau ake ndi omwewonso. Mvula ndi dalitso kwa iwo ndi chinthu chimodzi. Kale ntchito yoyamba ya mfumu inali kugwetsa mvula. Mfumu inali kusunga nyanga ndi miphika ya mankhwala kuseri kwa nyumba yake, inali kulamula tsiku loyamba kulima, ndipo chilala chikakula anthu anali kuyang'ana kwa iyo ndi maso a mlandu.

Amene anawerenga za David Livingstone akumbukira kuti asanaone Nyanja ya Malawi anakhala zaka zingapo pakati pa mtundu wa Bakwena pa Kolobeng. Mfumu ya mtunduwo, Sechele, inali katswiri wa mankhwala a mvula. M'chaka cha 1848 Livingstone anaibatiza, ndipo mfumuyo inaleka za mvulazo. Koma zaka zimenezo zinali za chilala choopsa, mtsinje wa Kolobeng unaphwa, ndipo anthu anadandaula kuti mphunzitsi wachizungu wamanga manja a mfumu yao. Livingstone mwini analemba za mtsutso wake ndi sing'anga wa mvula m'buku lake la maulendo la m'chaka cha 1857, ndipo woliwerenga mosakondera aona kuti sing'angayo sanagonje. Pambuyo pake mafumu achikristu, monga Khama III wa mtundu wa Bangwato, anasandutsa mwambowo kukhala mapemphero a mvula m'tchalitchi. Mwambo unasintha, koma nkhawa inatsala momwemo, ndipo ndiyo inadzalembedwa pa ndalama.

Ndalama zisanafike, chuma cha Atswana chinali ng'ombe. Munthu anali kulowola ndi ng'ombe, kulipa mlandu ndi ng'ombe, ndipo ulemu wake pa bwalo unali kuyesedwa ndi kukula kwa khola lake. Panali mwambo wina wotchedwa mafisa: mwini ng'ombe zambiri anali kuikiza zina kwa anthu osauka, kuti azikama mkaka ndi kulimira, ndipo nthawi zina woweta anali kupatsidwa mwana wa ng'ombe monga mphotho yake. Mwa njira imeneyi wosauka anali kupeza podyera, wolemera anali kupeza anthu omtsata, ndiponso ng'ombe zinali kumwazikana m'madera ambiri, kotero kuti chilala kapena nthenda ikagwa mbali imodzi, zina zinali kupulumuka. Mafumu anali ndi nkhokwe zao za mapira zosungira zaka za njala. Ndiko kunena kuti nzeru ya kusunga pa chaka chabwino poyembekeza chaka choipa anthu awa sanaiphunzire kwa akatswiri a mabanki. Anaiphunzira kwa thambo la dziko lao.

Angerezi anatenga dzikolo m'chaka cha 1885, osati chifukwa cholikhumbira, koma kuti njira yopita kumpoto isatsekedwe ndi Maburu kapena Ajeremani. Sanafune kutayapo ndalama, ndipo ngakhale likulu la boma analiika kunja kwa dzikolo, pa Mafeking m'dziko la South Africa, kufikira chaka cha 1965. M'zaka za 1896 ndi 1897 mliri wa ng'ombe unapululutsa makola, ndipo anthu asanapume, m'chaka cha 1899, boma linaika msonkho wa nyumba wa mashiling'i khumi, umene mafumu anali kutolera. Msonkhowo unafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku migodi ya Kimberley ndi Johannesburg. Kotero anyamata anayamba kupita kumwera chaka ndi chaka, nabwera ndi mapaundi. Ndipo pamene South Africa inasiya paundi nitenga randi pa 14 Febuluwale 1961, Bechuanaland anatsata wosafunsidwa. Amalawi ambiri amene anapita ku Joni ndi Wenela anaponda dziko limeneli, pakuti ndege zinali kuwatula pa Francistown, kumene anali kukwera sitima ya pamtunda. Pomwepo ndi pamene ndege ina inagwa pa 4 Epulo 1974 nipha anthu oposa 70 obwerera kwao, ndipo boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Kwa Mmalawi ndi Mtswana yemwe, randi inali ndalama ya thukuta la pansi pa nthaka ya eni.

Ufulu unafika pa 30 Sepitembala 1966, pa mapeto a chilala cha zaka zingapo chimene chinapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ng'ombe za m'dzikomo. Anthu ambirimbiri anali kudya chakudya cha thandizo. Misewu ya tara inali makilomita 12 okha, ndipo anthu amene anatsiriza maphunziro a ku yunivesite anali 22. Boma silinathe kulipira antchito ake popanda thandizo la ku London. Katundu wogulitsa kunja anali nyama ya ng'ombe yophedwa pa Lobatse, basi. Nkosadabwitsa kuti anthu ambiri akunja anayesa dzikolo lidzakhala kapolo wa South Africa masiku onse. Mtsogoleri woyamba, Seretse Khama, mdzukulu wa Khama III, amene Angerezi anamchotsa m'dziko lake kuyambira 1950 kufikira 1956 chifukwa chokwatira mkazi wachizungu, Ruth Williams, anadziwa bwino ukali wa anansi akewo. Pa mbendera ya dziko latsopanolo anaika mtundu wa thambo wokumbutsa madzi, ndipo pa chizindikiro cha boma anaika mbidzi ziwiri zogwira chishango, mutu wa ng'ombe, mizere itatu ya mafunde, mnyanga wa njovu, ngala ya mapira, ndi pansi pake mau amodzi okha: pula. Dzina la ndalama linali lokonzeka zaka khumi ndalamayo isanabadwe.

Chimene chinasintha zonse chinatuluka pansi pa mchenga. M'chaka cha 1967 ofufuza miyala a kampani ya De Beers anapeza dayamondi pa Orapa, ndipo mgodi unatsegulidwa m'chaka cha 1971. Wina wolemera koposa unapezeka pa Jwaneng, nuyamba ntchito m'chaka cha 1982. Apa pali chinthu chimodzi choyenera kuchisamala, pakuti popanda icho mbiri ya pula ikanakhala ina. Orapa ali m'dziko la Bangwato, mtundu wa Seretse mwini, ndipo mwa mwambo chuma cha pansi pa nthaka chikanakhala cha mtunduwo. Koma Seretse anakopa mafumu kuti apereke ulamuliro wa miyala yonse m'manja mwa boma, ndipo lamulo la m'chaka cha 1967 linakhazikitsa zimenezi. Anayamba ndi kulanda mtundu wake womwe, ndipo chifukwa cha ichi ena sanapeze ponenera. Boma linalowa m'kampani ya migodiyo ndi magawo 15 pa 100, ndipo pofika 1975 linali ndi theka. Kampaniyo ndiyo inadzatchedwa Debswana. M'chaka cha 1969 anakambirananso pangano la misonkho ya pa malire ndi South Africa napeza gawo lokulirapo, ndipo pofika chaka cha 1973 boma linali kudzilipirira ntchito zake za tsiku ndi tsiku popanda thandizo la Angerezi.

Tsono dziko limene layamba kupeza chuma, koma ndalama yake ndi ya mnansi, lifanana ndi munthu amene wakolola zambiri koma nkhokwe iri pa khomo la wina. Chuma chosungidwa cha Botswana chinali kukhala ku South Africa ndi kupindulira komweko. Chiwongoladzanja chinali kulamulidwa ku Pretoria. Mabanki awiri amene anali m'dzikomo, Barclays ndi Standard, anali kulandira malamulo kuchokera kunja. Randi ikatsitsidwa mphamvu, monga zinachitikira mu Sepitembala 1975 pamene inatsika ndi magawo pafupifupi 18 pa 100, Atswana anali kungomva pa wailesi monga wina aliyense. M'chaka cha 1974 South Africa inakambirana ndi Botswana, Lesotho ndi Swaziland za pangano lolembedwa la ndalama imodzi. Lesotho ndi Swaziland anasaina; Botswana anakana, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho Seretse analengeza kuti dziko lake lidzakhala ndi ndalama yake. Alangizi ena anaopa, poti dziko laling'ono logula pafupifupi zonse ku South Africa lingathe bwanji kuima palokha. Koma Quett Masire, wachiwiri kwa mtsogoleri amene analinso nduna ya za chuma, analimbikira. Banki yaikulu ya dzikolo, Bank of Botswana, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1975, ndipo woiyang'anira woyamba anali Quill Hermans.

Ntchito yovuta siinali kusindikiza mapepala, koma kukhulupiritsa anthu. Mlimi wa kumudzi amene anakwirira marandi ake mu mphika anafuna kudziwa ngati pepala latsopanoli lidzagula thumba la ufa lomwelo. Chifukwa chake boma linafunsa anthu za dzina la ndalamayo, linatuma anthu kukafotokoza m'mabwalo a mafumu, ndipo linalonjeza kuti kwa masiku 100 aliyense wobwera ndi randi imodzi adzalandira pula imodzi. Tsiku la 23 Ogasiti linatchedwa Tsiku la Pula. Kunali kutangopita miyezi iwiri chichitikire kuphedwa kwa ana a sukulu ku Soweto, ndipo anthu anamvetsa tanthauzo la kuchotsa m'thumba mwao ndalama ya boma la tsankho. Poyamba pula inamangidwa ku dola ya America pa mtengo wofanana ndi wa randi. Koma mu Epulo 1977 anaikweza ndi magawo 5 pa 100, kuti katundu wochokera kumwera atsikeko mtengo. Kukwezako kunali kwakung'ono, koma kunaonetsa kuti chiwongolero chasamukadi.

M'chaka chomwecho cha 1976 munachitika chinthu china chosonyeza kuti chuma chakale chinali chamoyo. Dziko la Lesotho litalanda sukulu ya ukachenjede ya pa Roma, imene maiko atatu anali kugawana, Botswana anafunika kumanga yake mofulumira. Seretse anapempha mtundu wonse ndi mau akuti motho le motho kgomo, ndiko kunena munthu aliyense ng'ombe imodzi. Anthu anapereka ng'ombe, mbuzi, nkhuku, mapira ndi mazira, ndipo zimenezi zinagulitsidwa kuti pamangidwe nyumba zoyamba za sukulu imene lero ndi University of Botswana. Chaka chimene ndalama ya pepala inabadwa, yunivesite inagulidwa ndi ziweto.

Munthu akayala makobidi a Botswana pa dzanja, aona dziko la nyama ndi ziweto. Pa 10 thebe pali gemsbok, nyama ya nyanga zazitali zowongoka imene imatha kukhala nthawi yaitali yosamwa madzi. Pa 25 thebe pali ng'ombe yamphongo ya linunda. Pa 50 thebe nkhwazi. Pa pula imodzi mbidzi, imene anaikonda chifukwa mizere yake yakuda ndi yoyera ikhala pa thupi limodzi, ndiponso siinali chizindikiro cha mtundu wina uliwonse wa Atswana kuti ena achite nsanje. Pa 2 pula, kobidi limene linatuluka m'chaka cha 1994, pali chipembere. Koma lokondweretsa koposa ndi la 5 pula la m'chaka cha 2000, pamene pali mbozi yodyedwa yotchedwa phane, yonga mphalabungu, iri pa masamba a mtengo wa tsanya. Mbozi imeneyi amatola ndi amai osauka a kumpoto chakum'mawa mvula ikagwa, naifinya, naiphika, naiyanika, ndi kuigulitsa m'matumba kufikira ku South Africa. Maiko ambiri akanachita manyazi kuika chakudya cha amphawi pa kobidi lao lalikulu; apa osankha zithunzi anachita bwino.

Ndalama za pepala zinena za anthu. Zoyamba za m'chaka cha 1976, za 1, 2, 5 ndi 10 pula, zonse zinali ndi nkhope ya Seretse Khama. Iye atamwalira pa 13 Julaye 1980, nkhope ya Masire inalowa m'malo, koma pambuyo pake anaona kuti nkwabwino kusiyira mtsogoleri wolamula pepala limodzi lokha, la 10 pula, ndi kupatsa ena mapepala otsalawo. Pa mapepala amene anatuluka m'chaka cha 2009, la 20 pula liri ndi Kgalemang Motsete, mphunzitsi amene anapeka nyimbo ya fuko. La 50 pula liri ndi Seretse, ndipo kuseri kwake kuli munthu wopalasa bwato m'madambo a Okavango, kumene mtsinje waukulu wochokera ku Angola umathera mu mchenga osafika ku nyanja. La 200 pula, lalikulu pa onse, liribe mfumu kapena nduna, koma mphunzitsi wamkazi ali ndi ana a sukulu.

Pepala la 100 pula liri ndi mafumu atatu: Khama III wa Bangwato, Sebele I wa Bakwena, mwana wa Sechele uja, ndi Bathoen I wa Bangwaketse. M'chaka cha 1895 kunamveka kuti boma la Angerezi lifuna kupereka Bechuanaland kwa kampani ya Cecil Rhodes, imene inali italanda kale dziko la Amandebele ndi Amashona. Mafumu atatuwo anakwera chombo napita ku England pamodzi ndi mbusa W. C. Willoughby. Anayenda m'mizinda yambiri kulankhula m'matchalitchi ndi m'misonkhano, anaonana ndi nduna Joseph Chamberlain ndi Mfumukazi Victoria, ndipo anabwerako atapereka kamzere ka dziko kum'mawa kuti padutse njanji, koma maiko ao atawapulumutsa. Pa mapeto a chaka chomwecho Jameson, mnzake wa Rhodes, anachita nkhondo yake yopusa yolowera ku Transvaal, ndipo za kupereka dzikolo kwa kampani zinathera pomwepo. Ngati pali chishango chimene dzina la thebe likumbutsa, ndi ulendo umenewo, pakuti Atswana anatchinjiriza dziko lao ndi pakamwa koposa ndi mikondo.

Nanga dayamondi ali kuti? Pa makobidi palibe. Pa mapepala ali kuseri: kuseri kwa 20 pula kuli makina a ku mgodi, ndipo kuseri kwa 100 pula kuli dzenje la mgodi ndi munthu wosankha miyala. Komatu mwala umenewu ndiwo unanyamula ndalamayo. Kwa zaka zambiri magawo atatu mwa anai, kapena kuposa, a ndalama zimene dzikolo linapeza pogulitsa katundu kunja anachokera ku dayamondi. Dzina ndi la mvula, nkhope ndi ya ng'ombe ndi mafumu, koma msana ndi wa mwala umene Mtswana wamba sauona ndi maso, umene sadya, ndipo mtengo wake umapangidwa ku Antwerp, ku Mumbai ndi m'masitolo a ku America.

Chimene atsogoleri oyamba anachita mwanzeru ndicho kuyesa dayamondi monga mvula, chinthu chobwera chaka china ndi kusowa chaka china. Phunziro linafika msanga. M'zaka za 1981 ndi 1982 msika wa dayamondi unagwa, ndipo kwa miyezi ingapo Botswana anangosunga miyala yake osagulitsa. Nthawi yomweyo kunayamba chilala chimene chinakhala kufikira cha m'ma 1987. Boma linachepetsa zogula, linaletsa kukweza malipiro, ndipo mu Meyi 1982 linatsitsa pula ndi magawo 10 pa 100. Msika utadzuka ndi mgodi wa Jwaneng utayamba kubala, sanamwaze chumacho. Lamulo lao linali lakuti ntchito iriyonse yaikulu iyambe yalembedwa m'chikonzero cha chitukuko chovomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndi kuti ndalama za miyala zipite ku sukulu, zipatala, misewu ndi zitsime, kapena zisungidwe. M'chaka cha 1994 anakhazikitsa thumba lotchedwa Pula Fund, losungira mibadwo ya m'tsogolo, ndipo chaka chomwecho Botswana anakhala dziko loyamba kuchotsedwa pa mndandanda wa United Nations wa maiko osaukitsitsa. Nkhokweyo inagwira ntchito pamene mliri wa Edzi unakantha dzikolo koopsa: m'chaka cha 2002, pansi pa Festus Mogae, amene kale anayang'anirapo banki yaikulu ija, boma linayamba kugawa ulere mankhwala otalikitsa moyo.

Komabe kuchoka mu randi sikunali kuchoka pa khomo la South Africa. Chakudya, mafuta, nsalu ndi zitsulo zinapitirira kubwera kuchokera kumwera. Chifukwa chake m'chaka cha 1980 pula inamasulidwa ku dola nimangidwa ku mtanga wa ndalama zingapo, m'mene randi inali ndi gawo lalikulu. Pula ikakwera kwambiri, wogula m'sitolo akondwa, koma wopanga katundu m'dzikomo alephera kupikisana ndi wa ku Johannesburg; ikatsika, mitengo ya zakudya ikwera. Pakati pa zoopsa ziwirizi banki yaikulu yakhala ikuyenda mosamala. Mu Febuluwale 2004 anaitsitsa ndi magawo 7.5 pa 100, mu Meyi 2005 ndi magawo 12, ndipo kuyambira pamenepo anatenga njira yoisuntha pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku m'malo moidumphitsa. Mbiri yake inakhala yabwino kotero kuti pamene ndalama ya Zimbabwe inafa m'chaka cha 2009, pula inali imodzi mwa ndalama zimene boma la kumeneko linalola kuti anthu azigulira.

Pali anthu ena amene ndalamayi siiwatchula. Maina ake ndi a Chitswana, mafumu ake ndi a mitundu ya Atswana, koma m'dzikomo muli Bakalanga, Bayei, Baherero ndi ena, amene akhala akudandaula kuti zinenero zao zinatsalira kunja. Koposa onse pali Basarwa, amene Azungu anawatcha Bushmen kapena San, eni chipululu enieni, amene anadziwa kupeza madzi m'mizu ndi m'mavwende a kuthengo zaka zikwi zambiri ng'ombe zisanafike. Nkhalango ya Central Kalahari inapatulidwa m'chaka cha 1961 kuti iwo ndi nyama akhalemo. Koma m'zaka za 1997 ndi 2002 boma linawasamutsira ku midzi ya kunja kwake, ponena kuti likufuna kuwafikitsira sukulu ndi zipatala, ndipo linatseka chitsime cha pa Mothomelo. Ena anati chifukwa chenicheni ndi dayamondi, boma linakana. Roy Sesana ndi anzake anapita ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 13 Disembala 2006 oweruza anati anthuwo anachotsedwa mosatsata lamulo. Anabwerera, koma za madzi zinatenga mlandu wina, umene unatha mu Januwale 2011 pamene bwalo la apilo linawalola kutunganso pa chitsimecho. M'dziko limene ndalama yake ndi mvula, nzika zake zina zinatha zaka zisanu ndi zinai zikumenyera chitsime chimodzi. Ndipo m'chaka cha 2014 mgodi wa dayamondi unatsegulidwa pa Gope, m'kati mwa nkhalango yomweyo.

Ngakhale pakati pa Atswana eni, chumacho sichinagwe mofanana. Migodi ya dayamondi ibala ndalama zambiri koma ilemba anthu ochepa. Ng'ombe zambiri zinasonkhana m'manja mwa eni zitsime zokumba ndi makina, ndipo mwambo wa mafisa unafooka. Achinyamata ophunzira anachuluka koposa ntchito. Mgodi wa mkuwa wa pa Selebi-Phikwe, umene unali kudyetsa mzinda wathunthu, unatsekedwa mu Okutobala 2016. Zikonzero za boma zinanena kawirikawiri za kufunika kwa kupeza chuma china pambali pa dayamondi, koma kunena kunaposa kuchita, pakuti nkovuta kulimbikira munda wa kumtunda pamene dimba likubala.

M'chaka cha 2009, chuma cha dziko lapansi chitagwedezeka, Debswana inatseka migodi yake kwa kanthawi, ndipo boma linakongola madola 1.5 biliyoni ku African Development Bank. Msika unadzukanso, ndipo m'chaka cha 2013 De Beers inasamutsa malonda ake a miyala kuchoka ku London kupita ku Gaborone. Koma nkhokwe ija inayamba kutapidwa kawirikawiri koposa kuthiridwa, ndipo mliri wa Covid wa m'chaka cha 2020 unaitapanso. Pamenepo kunabwera mdani amene Seretse ndi Masire sanamuwerengere. Akatswiri anaphunzira kupanga dayamondi m'mafakitale, wofanana ndi wa pansi pa nthaka m'maonekedwe ndi m'kulimba, koma wotsika mtengo kwambiri, ndipo achinyamata a ku America ofuna mphete za ukwati anayamba kugula ameneyo. Chilala chimatha, ndipo msika wogwa umadzuka. Koma ichi sichioneka ngati chaka choipa chongodutsa. M'zaka za 2023 ndi 2024 malonda a Debswana anatsika kwambiri, m'chaka cha 2024 chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo, ndipo boma linayamba kuchedwa kulipira amene linawagula katundu. Pa chisankho cha pa 30 Okutobala 2024 anthu anachotsa chipani cha Botswana Democratic Party, chimene Seretse anayambitsa ndipo chinalamula zaka 58. Mokgweetsi Masisi, amene nkhope yake inali pa pepala la 10 pula, anavomera kugonja mavoti asanathe kuwerengedwa, napereka boma kwa Duma Boko. Mu Febuluwale 2025 boma latsopanolo linasaina pangano lina ndi De Beers, lakuti gawo la miyala imene Botswana adzigulitsira yekha likwere pang'onopang'ono kufikira theka, ndipo mu Julaye chaka chomwecho linalamula kuti pula izitsika mofulumirapo, pofuna kuteteza ndalama zakunja zimene zinatsala m'nkhokwe.